Nkhope ya Salkyn pa Mabotolo a Uchi

Ine ndi Salkyn tinaphunzitsa limodzi pasukulu ya m'mudzi mwathu, kufupi ndi At-Bashy, mpaka imvi zitatipeza. Iye ankaphunzitsa za zomera ndi zinyama, ine masamu. Nyumba zathu n'zoyandikana, ndipo mpanda wa pakati pathu uli ndi pogumuka pamene timapatsiranapo mchere ndi nkhani. Choncho zambiri mwa zimene ndikusimbazi ndinaziona ndekha, zina anandiuza tikumwa tiyi.

Atapuma ntchito, Salkyn anaika mtima wake wonse panjuchi. Ming'oma inali ya mwamuna wake Toktosun, amene anachita kusiyiridwa ndi bambo ake, koma iyeyo ankaweta njuchi ngati nkhosa: kuzisamutsa, kuzidyetsa, kukolola, basi. Wozikonda anali Salkyn. Juni akafika, msipu wa esparseti ukachita maluwa ofiirira m'minda ya kumtunda, awiriwa ankakweza ming'oma palole n'kukakhala kumeneko m'kanyumba kamatayala mpaka maluwa atafota. Uchi wa kwathu ukakhazikika umayera ngati mafuta a mkaka, ndipo wa Salkyn unkachita kusungunuka palilime. Komabe ankaugulitsa m'zigubu kwa opikula a pamsika, amene ankatchula mtengo mmene afunira.

Za intaneti anaziyambitsa ndi mwana wawo wamkazi, Akylai, amene amagwira ntchito ku Bishkek. Atabwera patchuthi anajambula mayi ake pafoni akutsegula mng'oma, iwo osadziwa. Salkyn ankakalipira njuchi ngati ana a sukulu, kuzifunsa chifukwa chake zamanga zisa zokhota pamene anazipatsa matabwa owongoka bwinobwino. Akylai anaika kanemayo pa intaneti. Anthu anaseka, anatumizirana, kenako anayamba kufunsa kumene angapeze uchi wa mayi wolongololayo.

Chaka choyambacho chinali chokoma. Akylai anatsegula tsamba, Salkyn anagula mabotolo, ndipo makatoni ankapita ku Bishkek pa minibasi zam'mawa. Popeza zala zake zinkachedwa kulemba pafoni, aliyense wogula ankamuyankha ndi mawu ojambula. Munthu akangofunsa mtengo, iye ankamuuza mtengowo, n'kuwonjezerapo za mvula ya dzulo ndi mankhwala a chifuwa. Anadziwa makasitomala ake ndi maina. Mmodzi mwa iwo anali Kenje, mayi wa chigawo chathu chomwe chino amene ankagwira ntchito m'khitchini ya chipatala ku Moscow. Kenje ankaitanitsa uchi kudzera kwa madalaivala a basi, ndipo ankati akatsegula botolo amamva fungo la kwawo. Awiriwa sanaonanepo, koma ankatumizirana mawu ngati pachibale. Uchi unatha chisanu chisanafike pachimake, ndipo Salkyn anauza anthu kuti adikire maluwa ena.

Ndi pamene Mirlan analowererapo. Mirlan ndi mng'ono wake wa Toktosun, chitsirizira m'banjamo, ndipo amakhala m'tauni kumene amagulitsa katundu wosiyanasiyana pa intaneti. Poti kwathu mkazi satchula maina a abale a mwamuna wake, Salkyn anamupatsa dzina lakuti Nsapato Zoyera ali mnyamata, chifukwa ankalambalala thope lililonse la m'mudzi ngati mphaka. Dzinalo linamukanirira mpaka pano pamene ali ndi dazi.

Anabwera tsiku limene Toktosun anapha nkhosa yodya m'chisanu, ndipo ine ndinalipo kuthandiza kutsuka matumbo. Titakhuta, Mirlan anatulutsa foni n'kuonetsa mlamu wake anthu onse amene ankafunsabe uchi patsamba lija, uchi utatha kalekale.

"Jenge, uchi uli ponseponse," anatero, pomuitana monga timaitanira mkazi wa mkulu wathu. "Anthuwa sakufuna uchi, akufuna inuyo. Ndiye inu mukuwabweza chimanjamanja?"

Maganizo ake anali akuti iye azigula uchi kwa alimi a njuchi a m'chigwa monse, aziuthira m'mabotolo ndi makina ku Naryn, ndipo pabotolo lililonse pazikhala nkhope ya Salkyn. Ntchito ya Salkyn ikhala kujambulitsa makanema basi, osanyamulanso makatoni. Toktosun anamvetsera akutsotsa fupa, maso akuwala. Salkyn anaganiza masiku angapo, kenako anavomera, koma anaika malamulo ake: uchi ukhale wa m'chigwa chathu chokha, usathiridwe shuga, usawiritsidwe. Mirlan analonjeza, ndipo kunena chilungamo, lonjezolo analisunga mpaka kumapeto.

Zinthu zinayenda kuposa mmene aliyense ankaganizira. Mabotolo anafika ku Almaty ndi kumizinda ina imene ife tinkangoimva pawailesi. Denga la kwa Salkyn, limene linkadontha kuyambira kale, linafoleredwa malata atsopano. Toktosun anakaikitsa mano ndipo anayamba kulankhula zogula lole ina. Alimi a njuchi amene ankalira ndi opikula a pamsika anapeza mtengo wabwino kwa Mirlan, mmodzi mwa iwo mwana wa mchimwene wanga. Salkyn akamadutsa mumsewu anthu ankatsika pahatchi kuti amupatse moni.

Koma chaka chimenecho Salkyn sanapite kumtunda. Kumsasa foni siigwira bwino, ndipo ojambula a Mirlan ankamufuna pafupipafupi. Toktosun anapita yekha ndi ming'oma, n'kusiyako umodzi kuseri kwa nyumba woti uzioneka m'makanema. Ojambulawo ankabwera ndi mawu okonzeratu. Ankamuveka chiduku chachikulu choyera chija timangochivala pazikondwerero, n'kumuuza kuti akalipire njuchi monga anachitira poyamba paja, chifukwa anthu ndi zimene amakonda. Ine ndinkasuzumira pampanda. Salkyn ankakalipa, iwo n'kunena kuti abwereze mokweza pang'ono. Ankabwereza, iwo n'kunena kuti amwetulire pomaliza. Njuchi za mumng'omawo sizinalakwe kanthu, ndipo zinkangoyenda pazisa osadziwa chimene akuzinenera.

Ojambula akachoka ankavula chidukucho n'kukhala pakhonde akusisita khosi. Ndinamufunsa tsiku lina ngati watopa. Anati kutopa ayi, ntchito yake ndi yopepuka kuposa kunyamula ming'oma, koma masiku akufanana kwambiri moti sadziwanso kuti maluwa afika pati. Za makasitomala sankazidziwanso. Mauthenga anali atachuluka, ndiye ankayankhidwa ndi atsikana a mu ofesi ya Mirlan m'dzina lake.

Chakumapeto kwa Julayi, m'mawa wina ndikuthirira kaloti, Salkyn anandiitana pampanda. Ananditambasulira foni. Anali mawu a Kenje, amene anawatumiza panambala ya Salkyn imene ankalankhulirana poyamba. Ankalankhula mofatsa, akumutchula kuti eje monga timatchulira mchemwali wamkulu, kumbuyo kwake kukumveka mapoto.

"Salkyn eje, uchi wafika, zikomo. Ndi wabwino, musandimve molakwa. Kungoti wasintha, ndi wachikasu pang'ono ndipo fungo lake si lija. Kodi njuchi zanu zili bwino? Nanga inuyo muli bwino? Ndinalemba patsamba paja, ndiye munandiyankha kuti zikomo kasitomala wathu wokondedwa. Ndinadziwiratu kuti si inu. Ndakhala ndi nkhawa kuti mwina mwadwala."

Salkyn anakatenga botolo limodzi mwa amene ojambula ankagwiritsa ntchito, n'kulitsegula pomwepo. Tinalawa tonse ndi supuni imodzi. Unali uchi weniweni, wokoma, wopanda chinyengo chilichonse. Iye anauyendetsa m'kamwa nthawi yaitali, akuyang'ana nkhope yake imene inkamumwetulira pabotolopo.

"Ndi wabwino, Burul," anandiuza. "Koma ndi wa ndani? Mayiyu akundifunsa za njuchi zanga, ine sindikudziwa n'komwe ngati zili moyo."

Tsiku limenelo sanamuyankhe Kenje. M'mawa mwake anamva kuti galimoto yokatenga mkaka ikupita kumtunda, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze. Ojambula anangowatumizira uthenga kuti asabwere.

Tinapeza Toktosun akusenda mbatata pakhomo pa kanyumba kaja, ndevu zitamera, ataonda ndi kudziphikira. Salkyn sanakhale n'komwe pansi. Anavala chipewa cha ukonde, anayatsa chofukizira utsi, n'kuyamba kutsegula ming'oma umodzi ndi umodzi. Toktosun ankamutsatira pambuyo akufotokoza ngati mwana wogwidwa. Njuchi za mng'oma wina zinali zitasamuka iye atapita kukatunga madzi. Ming'oma ina yofooka anaiphatikiza. Ndipo manthu wa njuchi amene Salkyn anamulera yekha chaka chathacho, yemwe ankamunyadira kuti ana ake ndi ofatsa, anali atafa kumayambiriro kwa mwezi. Toktosun anati sanafune kumuuza poopa kumusokoneza pantchito.

Salkyn sanakalipe. Anangopitiriza kugwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka, kuchotsa zisa zakale, kusuntha matabwa, kumvetsera kulira kwa mng'oma uliwonse khutu ataligunditsa pathabwa. Ine ndinakhala patali ndithu, pamwala, chifukwa njuchi ndi ine sitimvana. Foni yake inali m'kanyumba, ndipo sanaifune. Njuchi ina inamuluma padzanja, dzanjalo n'kutupa mpaka mphete kuthina, chinthu chimene chinali chisanamuchitikire kwa zaka zambiri. Analiyang'ana n'kuseka, amvekere ngakhale thupi lake lamuiwala kuti ndi mlimi wa njuchi.

Tikumwa tiyi wamkaka panja, anauza mwamuna wake kuti akufuna nkhope yake ichoke pamabotolo a Mirlan. Toktosun anaviika buledi m'tiyi. Kenako analankhula, ndipo zimene ananena sizinali zopusa. Anati iwo akukalamba, ming'oma ikulemera chaka ndi chaka, ndipo lole yawo imalira paphiri lililonse ngati ikutsanzika. Anati ndalama ngati zimenezi sizinawapezepo chikwatiranireni, ndipo munthu sataya chinthu chotere chifukwa choti mayi wina ku Moscow wanunkhiza botolo.

"Ndiye mukufuna tibwerere kwa akuba a pamsika aja?" anafunsa.

"Ayi. Tizigulitsa wathu, patsamba lathu, ngati poyamba. Ukatha watha."

"Nanga lole?"

"Ikafa tidzabwereka ya eni ake. Inu mwaonda, bambo a Akylai. Mano mwaikitsa, koma mukutafunira mbatata zosapsa."

Toktosun anaseka pang'ono, koma sanavomere tsiku limenelo. Anangoti nkhaniyo akaikambe yekha ndi Mirlan, iye salowererapo.

Tisanatsike, Salkyn anakwera kachitunda kamene foni imagwirako n'kumuyankha Kenje. Anamuuza zonse mmene zinalili: kuti iye ali bwino, kuti uchi umene analandira ndi wa m'chigwa chathu koma si wa ming'oma yake, ndiponso kuti amene ankamuyankha patsamba sanali iye. Kenje anayankha mawa lake. Sanakwiye, anangoti wamva, ndipo adikira wa ming'oma ya Salkyn ngakhale utachedwa.

Mirlan anabwera Loweruka m'mawa, atamva kuti ojambula abwezedwa. Salkyn anandiitana kuti ndikhalepo, mwina pofuna mboni, mwina pofuna kuti mawu asakwere. Anayala nsalu, anaika buledi, jamu ndi mafuta a mkaka, anathira tiyi, kenako ananena zimene anaganiza.

Mirlan sanapse mtima msanga. Anafotokoza modekha kuti palibe amene wanamizidwa, chifukwa kuseri kwa botolo kunalembedwa kuti ndi uchi wa alimi a m'chigwa cha At-Bashy. Salkyn anati malembawo anayesa kuwawerenga atavala magalasi koma analephera, pamene nkhope yake munthu angaione ali tsidya lina la msewu. Mirlan anasiya zimenezo n'kugwira pena. Anatchula mabanja amene chaka chimenecho anagulitsa uchi pamtengo wabwino, anatchula atsikana a mu ofesi ndi anyamata othira uchi m'mabotolo ku Naryn. Apa ine ndinaweramitsa mutu, chifukwa mwana wa mchimwene wanga anali pamndandandawo.

"Jenge, inu mwatopa ndi makanema, ndamva. Tichepetse. Koma musagwetse denga pamitu ya anthu chifukwa choti mwasowa njuchi zanu."

Salkyn anaika kapu yake pansi. Ndinaona kuti mawuwo amulasa.

"Iwe Nsapato Zoyera, sunandibere kanthu, ndipo sindikukuda," anatero. "Koma munthu akaona nkhope yanga pabotolo amaganiza kuti uchiwo ndakolola ndine. Ndikamakalipira njuchi amaganiza kuti ndakwiyadi. Ndaphunzitsa ana moyo wanga wonse kuti azinena chimene aona, ndiye pano ndikalambe ndikuchita sewero kuseri kwa nyumba?"

Anamulonjeza kuti amaliza chakacho monga anagwirizanirana, kuti mabotolo osindikizidwa kale asatayidwe, koma malemba a kuseri aja awakulitse. Analonjezanso kuti ayendera alimi onse amene Mirlan amawagula uchi, ajambulitse nawo makanema pa ming'oma yawo, awatchule maina, kuti ogula awadziwe. Zikatero nkhope yake ichoke. Mirlan anati anthu sagula maina a anthu osawadziwa. Ananyema kabuledi n'kuika m'kamwa monga mwa mwambo, koma tiyi anamusiya osamaliza, n'kunyamuka.

Mirlan sananame. Nkhope ya Salkyn itachoka, malonda ake anatsika kwambiri. Anachepetsa antchito, ndipo chaka chotsatiracho sanathe kugula uchi wa alimi onse aja. Ena anabwerera kwa opikula a pamsika. Mkazi wa mmodzi mwa iwo anasiya kumupatsa moni Salkyn, ndipo pamaliro ena ananena mokweza kuti pali anthu amene amakhuta msanga n'kuiwala anzawo. Salkyn anamva, ndipo zinamupweteka masiku ambiri. Anandiuza kuti mayiyo sanalakwe kwenikweni. Mwana wa mchimwene wanga yekha zinamuyendera, chifukwa kanema amene anajambulitsa ndi Salkyn anakondedwa, ndipo pano ali ndi katsamba kake. Mirlan anapeza masitolo angapo a m'tauni amene amatenga uchi wa m'chigwa wopanda nkhope ya munthu, ndipo bizinesi yake ikuyenda, ngakhale kuti si mmene inkathamangira. Anatha nthawi yaitali osaponda pakhomo pa mkulu wake. Anadzabwera paukwati wa Akylai, anavina ndi mlamu wake, koma za uchi sanakambirane.

Salkyn anabwerera patsamba lake lakale. Ambiri mwa amene ankamutsatira anachoka ataona kuti makanema akubwera mwa apo ndi apo, ndiponso kuti mayi uja masiku ena sakalipa, amangoonetsa maluwa kapena mvula ikubwera kuchokera kumapiri. Amene anatsala ndi okwanira kumaliza uchi wake wonse. Akylai anaumirira kuti mtengo ukwere pang'ono, poti mayi ake amathera nthawi pa munthu aliyense, ndipo anakangana pafoni mpaka Salkyn anagonja. Chaka china kunagwa mvula yozizira maluwa ali pachimake, uchi unachepa, ndipo Salkyn anatumiza anthu ambiri kwa alimi anzake, ngakhale kwa mwamuna wa mayi wosapereka moni uja. Lole yatsopano sinagulidwe. Toktosun amadandaulabe akamaikonza yakaleyo, mutu uli m'injini, koma wanenepa.

Anthu a m'mudzi mwathu sagwirizana pankhaniyi mpaka lero. Ena amati Salkyn anachita bwino, ena amati anataya mwayi umene sunali wake yekha. Ine ndikafunsidwa ndimati ndinkaphunzitsa masamu, ndipo funso limeneli si la masamu.

Chaka chino Salkyn wandipezera vuto lina. Akuti ndakhala pakhonde mokwanira, ndiye wandipatsa ming'oma iwiri kuti ikhale yanga, ndiziisamalira ndekha kumtunda. Ndinamuuza kuti ine njuchi ndimaziopa kuyambira ndili mwana, iye amvekere nazonso zimandiopa, tikazolowerana. Wandisokera kale chipewa cha ukonde, chachikulu ngati dengu. Tinyamuka maluwa akangoyamba, ndipo ndamuuza Toktosun kuti ine m'lolemo ndikhala kutsogolo, pafupi ndi chitseko.